Mmene ndinasinthira ma disiki ndi ma padi akutsogolo pa Vitz pakhomo

Vitz yanga ndi ija ya mtundu wa KSP90, ndiye mabuleki anali atayamba kulira kwiii ndikangoponda pang'ono, komanso chiwongolero chinkanjenjemera potsetsereka ku Thabwa ulendo wa ku Chikwawa. Kulirako ndi kachitsulo kamene amaika dala pa padi kuti kazikhula disiki padi ikatsala pang'ono kutha, koma kunjenjemerako ndi nkhani ya ma disiki, kusintha ma padi okha kukanangokhala kutaya ndalama.

Pokagula tengani chassis number, osangofika mu shopu n'kunena kuti "za Vitz", ma Vitz alipo amitundumitundu ndipo ma disiki ake amasiyana kukula. Ma disiki mugule awiri, mbali zonse zimasinthidwira limodzi apo ayi galimoto izikokera mbali imodzi mukaponda. Ma padi amabwera anayi m'bokosi. Zida ndinali ndi jeke, ma sitandi, wilo sipanala ya 21, soketi ya 14 ndi ya 17, chipaipi chowonjezera pa sipanala, G clamp, bulashi yawaya, girizi wa silikoni, brake cleaner ndi mabawuti awiri a M8. Njerwa m'malo mwa ma sitandi ayi chonde, zimaphwanyika osachenjeza inu manja ali kunsi.

Pamalo pakhale posatsetsereka, handibuleki m'mwamba, miyala kumatayala akumbuyo. Manati a tayala ndinawakhwefula galimoto idakali pansi, kenako jeke, sitandi, tayala ndachotsa n'kulilowetsa kunsi kwa galimoto kuti zitavuta igwere pamenepo. Mupange mbali imodzi kaye, inayo ikhale chomwecho kuti mukasokonezeka muzikasuzumira mmene zinakhalira.

Ndinapinda chiwongolero kuti kalipa, ija imafinya ma padi pa disiki, iyang'ane kunja, kumbuyo kwake kuli mabawuti awiri a 14, amenewo sanavute. Kalipa ikachoka musaisiye ili lendelende pa paipi yarabala ya buleki ija, ndinaimangirira ndi waya ku sipuling'i. Ma padi akale amangosololoka, koma muwayang'anitsitse musanataye chifukwa amakuuzani zambiri. Kwa ine yakunja inali idakali yokhuthala ndithu pomwe yam'kati inali itadyeka mpaka kutsala pang'ono kufika pachitsulo, ndiye ndinadziwiratu kuti timapini timene kalipa imatsetserekapo tauma. Zoonadi kakumunsi kanachita kutuluka mokakamiza, ndi pulayala, girizi yense atasanduka dothi lofiira louma gwa, karabala kake katang'ambika pakamwa.

Apa ndi pamene ambiri osintha mothamanga amadumpha, amangoponyamo ma padi atsopano n'kumanga tayala, miyezi ingapo mwabwereranso. Ine ndinapukuta timapini mpaka kuwala, m'mabowo momwe ndinatsukamo, karabala kong'ambika ndinasintha, kenako girizi wa silikoni pang'ono chabe. Girizi wamba wa ma bearing uja amafufumitsa rabala, pini n'kugwiranso.

Chitsulo chogwira kalipa chili ndi mabawuti awiri a 17 ndipo awa ndiye amalimba zedi, chipaipi chija chinagwira ntchito apa. Chitachoka disiki imayenera kungotuluka koma yanga inali itamatirira ndi dzimbiri, ndiye m'malo momenya ndi hamala mpaka kupweteka bearing, pa disiki pali timabowo tiwiri tamazinga, mumalowetsamo mabawuti a M8 aja n'kumamanga mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uku, mumangomva kuti phwa yalekana yokha. M'mphepete mwa disiki yakale munali mutatsala mlomo woti chikhadabo chimakodwa, ndipo pa disiki amalembapo MIN TH ndi nambala yake, kutanthauza polekezera kupyapyala kwa disikiyo, ikapyapyala kupyola pamenepo palibenso zokasepetsa.

Tsopano habu, pamene disiki imakhala paja. Ndinakhalapo nthawi yayitali kuposa pena paliponse, kukwecha ndi bulashi yawaya mpaka chitsulo chioneke mbee, makamaka m'mbali mwa mabawuti ndi pakati paja. Kadzimbiri kakang'onong'ono kakatsalira disiki yatsopano imakhala yopendekera mwina maso sangaone, koma ikamazungulira imadyeka mbali imodzi ndipo kunjenjemera kuja kumabweranso, munthu n'kumatukwana wogulitsa kuti anandipatsa zafeki pomwe vuto ndi dothi. Disiki yatsopano imabwera itapakidwa mafuta oteteza dzimbiri, muitsuke mbali zonse ndi brake cleaner, mukaiveka mumangepo nati imodzi kuti isamagwedere.

Pistoni ya m'kalipa, imene imakankha padi, imayenera kubwerera m'kati kuti ma padi okhuthala akwane. Ndinatsegula kaye boneti n'kukhwefula chivindikiro cha kabotolo ka brake fluid, kenako ndinaika padi yakale pa pistoni n'kufinya ndi G clamp pang'onopang'ono, maso ali pa kabotolo chifukwa mafuta amakwera, ngati wina anawonjezerapo m'mbuyomu amasefukira ndipo amadya penti. Owonjezera atengeni ndi sirinji. Bola simunamasule paipi, mpweya sulowa, ndiye zopopa mabuleki ndi munthu wachiwiri sizifunika.

Kubwezeretsa n'kosavuta. Chitsulo chija, timapuleti tomwe ma padi amakhalapo nditatsuka, ma padi, kenako kalipa, kuonetsetsa kuti paipi sinapotoke. Kagirizi kochepa m'makutu mwa padi basi, kumaso kwa padi ndi pa disiki pasakhudze ngakhale chala chamafuta. Amene muli ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti ija, a 17 ndi 107 Nm, a 14 ndi 34 Nm, manati a tayala 103 Nm, ndipo a 14 wo musawadumphire ndi chipaipi amathyoka. Manati mumange modumphadumpha, osati motsatana.

Mbali inayo inatha msanga poti manja anali atazolowera. Musanalize n'komwe injini pondani buleki kangapo, poyamba imapita mpaka pansi ngati mwaponda siponji chifukwa pistoni ili kutali ndi padi, mupope mpaka ilimbe, osayerekeza kutuluka pageti musanachite zimenezi. Onaninso brake fluid, wanga pachivindikiro analemba DOT 3, n'kutseka.

Pamsewu wopanda anthu ndinkathamanga cha m'ma 60 n'kuponda mpaka cha m'ma 20 osaima, kubwereza kangapo, kenako kuyenda ndithu osaponda kuti zizizire, kafungo kopserera pang'ono kamamveka koma kamatha. Masiku oyambirira mabuleki sagwira kwenikweni mmene adzagwirire ma padi akakhazikika, ndiye musiye mpata wokwanira kumbuyo kwa minibasi, ndipo pakatha masiku angapo mubwerezenso kumanga manati a matayala aja ndi sipanala.