Zikomo, makamaka kwa bambo amene sanausiye mtsinje

Zatheka abale anga. Lipoti lomaliza la kafukufuku wathu wa timitsinje ta m'nkhalango lalandiridwa, ndipo makiyi a malo oyezera madzi ndawapereka kwa achinyamata amene apitirize ntchitoyi. Thupi likadali lolefuka, tulo sindinatipezebe bwino, koma ndaona kuti ndikati ndiyambe ndapuma, mawuwa azizira. Mulungu alemekezeke. Ambuye, munandiwolotsa pamene ine ndinali nditataya kale mtima, ndipo chokubwezerani ndilibe.

Zimene zinachitika ambiri mukuzidziwa, sindizibwereza zonse. Madzi osefukira anagumula kadamu kathu koyezera, makina olemba kuchuluka kwa madzi anapita ndi matope, otipatsa ndalama anati zakwana, ine n'kugonekedwa m'chipatala. Zonsezo m'nyengo imodzi.

Pali ambiri oti ndiwathokoze, koma ndiloleni ndiyambe ndi munthu mmodzi. Dzina lawo sindilemba pano chifukwa sakonda zotchuka, komabe amene munafikako kunkhalango mukuwadziwa: bambo aja osamalira mageji athu, zipangizo zoyezera madzi. Bambo, zikomo. Ndikunenanso, zikomo.

Kuti mumvetse chimene anachita, mudziwe kaye mmene ntchitoyi imayendera. Timasankha zigwa ziwiri zoyandikana, chilichonse ndi kamtsinje kake. Timayeza mvula yogwa ndi madzi otuluka m'zigwa zonsezi kwa zaka zingapo mpaka titadziwa mmene zimayenderana. Kenaka chigwa chimodzi timachisintha, mwina kudula mitengo, mwina kudzala ina, chinacho n'kuchisiya chomwecho kuti chikhale mboni. Njira imeneyi si yatsopano, anaiyamba ku Wagon Wheel Gap ku Colorado cha m'ma 1910. Kumunsi kwa chigwa chilichonse kumakhala kadamu ka simenti kokhala ndi mpata wonga chilembo cha V, ndipo msinkhu wa madzi pampatapo ndi umene umatiuza kuchuluka kwa madzi odutsa. Mphamvu yonse ya kafukufuku wotere ili pa kusadumphitsa. Mukaphonya nyengo imodzi ya mvula, makamaka ya mvula yoopsa ngati ija, mwaphonya nthawi imene mtsinje umanyamula dothi ndi michere yochuluka, ndipo tsiku lapita silibwerera kuti mukaliyezenso.

Ndiye kadamu katagumuka, malipiro ataima, ine ndili gone, bambowa anakhoma thabwa la manambala pathanthwe la m'mbali mwa mtsinje. M'mawa ndi madzulo ankapita kukawerenga msinkhu wa madzi, mvula ivumbe isavumbe. Ankatunga madzi m'mabotolo, kulembapo tsiku ndi ola, n'kuwasunga pozizira. Zonse ankalemba m'kope ndi pensulo, poti inki imasungunuka ikanyowa. Palibe anawatuma. Ine sindinkatha ngakhale kugwira foni. Nditatuluka m'chipatala anangondipatsira makopewo atawakulunga m'pulasitiki, osayankhula zambiri. Ndinalira ngati mwana. Pambuyo pake tinathira mchere kumtunda n'kuyeza mmene wasukulukira pofika kumunsi, kuti tidziwe madzi amene msinkhu uliwonse wa pathabwa lija unkaimira. Umu ndi mmene chaka chija chinapulumukira. Chaka chomwecho ndiye chakhala msana wa lipoti lonse.

Chinandikokera ku ntchito imeneyi ndili wamng'ono ndi nkhani ya ku Hubbard Brook, nkhalango ya kafukufuku ku New Hampshire m'dziko la America. Mu 1963 Herbert Bormann, Gene Likens, Noye Johnson ndi Robert Pierce anayamba kuyeza madzi komanso zimene madziwo anyamula, polowa m'chigwa ngati mvula ndi potuluka ngati mtsinje. M'nyengo yozizira ya 1965 mpaka 1966 anagwetsa mitengo yonse m'chigwa chimodzi, n'kumapopera mankhwala kwa zaka zitatu kuti pasamere kanthu. Chaka choyamba madzi a mumtsinje anachuluka ndi pafupifupi 40 peresenti, chifukwa panalibenso mizu yokoka madzi ndi masamba owatulutsira mumlengalenga. Koma naitireti, mchere wa m'nthaka umene zomera zimadya, m'madzimo anakwera kuposa ka 40, mpaka kupitirira mlingo wololedwa m'madzi akumwa. Chonde cha nthaka chinkathawira mumtsinje. Nditawerenga zimenezi mutu unazungulira, ndinazindikira kuti botolo limodzi la madzi likhoza kukuuza za moyo wa phiri lonse.

Kumeneko ndi komwenso anatulukira kuti mvula ya ku North America inali ndi asidi wambiri, n'kulengeza mu 1972. Sanapite kukafuna zimenezo, anazipeza chifukwa ankatunga madzi sabata ndi sabata osalekeza. Ndipo lamulo la mpweya wabwino la ku America litakhwimitsidwa mu 1990, manambala omwewo ndi amene anaonetsa kuti asidiyo akuchepa. Mayina amene timawaloweza m'kalasi ndi a akatswiri aja, ndipo ndi oyeneradi ulemu. Koma nthawi zonse ndimaganiza za anthu amene ankakwera mapiri aja m'chipale chofewa sabata iliyonse, atanyamula mabotolo. Bambo, inu ndinu a mtundu umenewo.

Munandiphunzitsa zambiri kuposa zimene ine ndinakuphunzitsani. Ndinu munandionetsa kuti mtsinje ukamadzaza umayamba wada kenaka n'kuyera madzi asanatsike, choncho wobwera ndi botolo mochedwa amatunga bodza. Ndinu munkatembenuza miyala n'kundiuza kuti tizilombo tija timamanga tinyumba ta mchenga ndi timitengo, ta caddisfly, tachepa, makina a ku labotale asananene kanthu. Tizilombo timeneti pamodzi ndi tina ta m'madzi totchedwa mayfly ndi stonefly sitipirira madzi oipa, ndipo tambiri timadalira masamba ogwera m'madzi ndi mthunzi wa mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Mthunzi ukachoka madzi amafunda, mpweya wa m'madzi umachepa, tizilombo n'kutha, nsomba n'kutsatira. Ine ndinaziwerenga m'mabuku, inu munkaziona ndi maso.

Ndithokozenso anthu a m'midzi yozungulira nkhalango amene ankabwera ku misonkhano yathu ndi mafunso ovuta. Funso lija loti kodi mitengo imachulukitsa madzi kapena imamwa madzi linkabwera nthawi zonse, ndipo yankho lake silikoma m'khutu la aliyense. Ku Jonkershoek, pafupi ndi Stellenbosch ku South Africa, anayamba kufufuza zimenezi mu 1935 motsogozedwa ndi Christiaan Wicht, alimi atadandaula kuti mitsinje ikuphwa, ndipo zinapezekadi kuti kudzala paini pamalo a zitsamba zachilengedwe kumachepetsa madzi. Mu 1982 Bosch ndi Hewlett anasonkhanitsa zotsatira za zigwa 94 n'kupeza zofanana: mukachepetsa mitengo madzi otuluka pachaka amachuluka, ndipo paini ndi bulugama ndi amene amasintha kwambiri. Komatu zimenezi si chilolezo chogwetsa nkhalango. Phiri likasala n'kupondedwapondedwa, madzi salowanso pansi, amathamanga tsiku limodzi ndi dothi lomwe, chilimwe n'kupeza akasupe ali gwa. Nkhani ndi yakuti mtengo wanji, pamalo pati, m'malo mwa chiyani. Munatimvetsera ngakhale pamene yankho silinali limene munkafuna, ndipo mageji athu simunawaononge. Mulungu akudalitseni.

Kwa mayi wa ku labotale amene munkatsala usiku kusefa madzi a m'mabotolo aja asanawonongeke, zikomo mayi. Kwa ophunzira anga amene munanyamula simenti pamutu kukwera nayo mtunda pomanganso kadamu, ana anga, Mulungu akukumbukireni. Anamwino ndi madokotala amene munandisamalira, akumpingo amene munkabwera kudzapemphera nane, akunyumba kwanga amene mwakhala mukupirira nsapato zamatope ndi kusowa kwanga pakhomo zaka zonsezi, ndilibe mawu okwanira.

Analiponso ena. Amene munkati tingosiya, mipata ya manambala tidzaidzaza ndi kompyuta. Amene mafoni anu anasiya kulowa zinthu zitathina, koma lero mwayamba kufunsa ngati mungagwiritse ntchito manambala athu. Zinandiwawa, sindibisa. Manambalawo mudzawapeza, poti ndi a aliyense wofuna kudziwa za madzi, ndipo sindisunga mangawa. Pempho langa ndi limodzi: mukamawatsegula, dziwani kuti a chaka chija analembedwa ndi dzanja la munthu amene sankalandira kalikonse, ataima m'madzi ozizira.

N'chifukwa chake dzina la bambowa lili patsamba loyamba la lipoti pamodzi ndi athu, osati kumapeto kumene timathokoza anthu mongodutsa. Ena anati si mwambo wake poti alibe digiri. Ndinakana kusaina mpaka zitatero, ndipo ndikuthokoza anzanga awiri aja amene anaima nane. Bambo, ndikudziwa muchita manyazi mwana wanu akakuwerengerani zimenezi, mundikhululukire. Maondo anu akupweteka chifukwa cha mtunda uja, ndikudziwa. Ambuye akupatseni mphamvu, akusungireni banja lanu, akubwezereni koposa zimene ife tingathe.

Inu achinyamata amene mwalandira makiyi, muziwamvera. Akati lero musawoloke, musawoloke. Muzichotsa masamba ndi mchenga pampata wa V musanawerenge, muziyerekeza makina ndi thabwa ulendo uliwonse, ndipo thabwa lija pathanthwe musalizule ngakhale makina atsopano abwera.

Mauthenga anu ndawaona, ndi ambiri, ndiyankha pang'onopang'ono chifukwa adokotala andilamula kupuma. Bambo, kwa inu sinditumiza uthenga ayi, ndibwera ndekha ndikangopeza mphamvu.