Bandi yonse m'dzanja lamanzere

Ku Ulongwe, ku Moatize ngakhale mumzinda wa Tete, kwaya ya achinyamata yopanda kiyibodi ikusowa masiku ano. Ambiri amangoti teclado, koma imene yawakopa ndi ya mtundu wa arranger: ukadina kodi (chord, manotsi angapo olira pamodzi) ndi dzanja lamanzere, ng'oma, bezi ndi gitala zimalowa zokha. Mnyamata mmodzi amakwanitsa ntchito ya anthu anayi, ndipo paukwati kizomba ikatha angathe kulowa marrabenta kapena sungura osasintha chida.

Kagwiridwe kake nkotere. Makiyi 61 a kiyibodi amagawika pawiri. Pa Yamaha malire amakhala pa F#2, kutanthauza kuti makiyi 19 akumanzere ndi a makodi, otsalawo a nyimbo. Sankhani sitayilo (kaimbidwe ka ng'oma, bezi ndi gitala kosungidwa m'kiyibodi), yatsani ACMP (batani lolowetsa bezi ndi gitala zija), dinani Sync Start, ndiye ng'oma zimadikira mpaka mutagwira kodi yoyamba. Vesi iyende pa Main A, kolasi pa Main B (awa ndi magawo awiri a sitayilo), ndipo Fill, kang'oma kolumikiza magawowa, muidine bala imodzi kolasi isanafike, osati itafika kale. Apa mpamene ambiri amapunthwa, kwaya nkumangoyang'anizana.

Liwiro nalo lisamaleni. Amapiano imayenda chapakati pa kugunda 110 ndi 115 pamphindi, kizomba m'munsi mwa 100. Kwaya ikayamba yokha, musaikokere ku liwiro lanu. Gogodani batani la Tap motsatira kuwomba kwa manja awo. Mukapeza sitayilo, liwiro ndi mawu oyenera, sungani mu Registration Memory kuti Lamlungu musamafufuze anthu akudikira.

Chimene chimandipweteka mtima ndi Transpose. Batani limeneli, lokweza kapena kutsitsa mawu a kiyibodi yonse, ndi lothandiza woimba akakwera kapena kutsika, koma lalemaza ana aluso ambiri. Mwana amaphunzira makodi a C, F ndi G basi, nyimbo iliyonse nkumaisunthira pamenepo. Zaka zitatu zimatha zala zisanakhudze kiyi yakuda. Tsiku limene wagitala anena kuti tili mu E, kapena woyambitsa nyimbo akweza pakati, mwanayo amangoti kakasi. Chimodzimodzi kodi ya chala chimodzi: poyambira ndi yabwino, koma pakatha mwezi gwirani ndi zala zitatu. Pamlungu phunzirani kiyi imodzi yatsopano yoimbiramo, monga E, ndi makodi ake a 1, 4, 5 ndi 6 (oyambira pa notsi yoyamba, yachinayi, yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi ya kiyiyo), sitayilo itazimitsidwa, kenako muiyatse.

Pogula, Yamaha PSR-E373 ili ndi masitayilo 205 ndipo imayakanso ndi mabatire 6 a AA, chinthu chofunika kumidzi ya ku Tsangano ndi Macanga kumene waya wa magetsi sunafike paliponse, ngakhale Cahora Bassa ili m'chigawo chathu chomwechi. PSR-E473 ili ndi 290 ndiponso polowetsa fulashi. PSR-SX600 ndi Korg Pa700 zili ndi magawo anayi a sitayilo iliyonse, koma mtengo wake ndi wina. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, dinani kiyi iliyonse mofewa kenako mwamphamvu. Kiyi yolira mokuwa nthawi zonse, kapena yongokhala chete, ndiye kuti fumbi lalowa pa timphira ta pansi pake.

Adaputala ndi imene imapha makiyibodi ambiri. E373 imafuna mavoti 12, SX600 imafuna 16. Musabwereke ya wailesi chifukwa choti pulagi yalowa. Pa jenereta, iyambe yalira nkukhazikika musanalumikize.

Kutentha kwa Tete mu Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, choncho kiyibodi isasiyidwe padzuwa kapena m'galimoto yotseka, ndipo mukamaliza ifunditseni chitenje. Chinanso, E373 ili ndi bowo limodzi lotulutsira mawu, lomwelo la mahedifoni. Mukalowetsamo waya wa gitala, mbali imodzi ya mawu imatayika ndipo piyano imamveka yowonda pasipika. Pezani waya wamphanda, wa mizere iwiri yakuda pamutu wolowa m'kiyibodi ndi mitu iwiri yopita ku mikisa.