Mmene tinakonzekerera kadamsana wa 2001 m'komboni mwathu ku Lusaka

Kadamsana wa pa 21 June 2001 anandipeza ndikuphunzitsa pa pulayimale ina m'komboni ku Lusaka, nde poti ndinkaphunzitsa sayansi ahedi anangondiponyera nkhani yonse, amvekere aphunzitsi zakumwambazi ndi zanu, tiuzeni tipanga bwanji. Nthawi imeneyo wailesi inali itayamba kale kulengeza, azungu atayamba kudzaza m'tauni ena akupita ku Chisamba komwe mdima unali wokhalitsako pang'ono, boma nalo linati tsikulo likhala la holide. Holide imeneyo ndi imene inandisowetsa tulo. Linali Lachinayi, ana akanakhala m'kalasi tikanawayang'anira, koma tsopano aliyense akhala kwawo, makolo ali ku msika, mwana ali yekha pabwalo ndi dzuwa.

Msonkhano woyamba wa komiti ya makolo anthu ambiri anagwirizana chimodzi, kuti ana atsekeredwe m'nyumba mpaka zithe. Ine ndinakana ndipo mpaka lero ndimakanabe. Mwana ukamuuza kuti kunja kukuchitika zodabwitsa koma usasuzumire, ndiye kuti wamutuma kukasuzumira, adzayang'ana pa windo kapena pa mng'alu wa chitseko popanda chomuteteza chilichonse ndipo sadzakuuza poopa kukwapulidwa. Nde ndinapempha kuti m'malo mowabisa tiwasonkhanitse pa giraundi ya sukulu, iwo ndi makolo awo amene angathe, aone bwinobwino ife tili pompo.

Kuti anthu avomere zinafunika kuwafotokozera kaye chimene chichitike, osati ndi chizungu cha m'mabuku ayi. Ndinkatenga mpira ndi tochi, mwana mmodzi agwire tochi, wina adutse ndi mpira kutsogolo kwa nkhope ya mnzake. Mwezi ukudutsa pakati pa ife ndi dzuwa, basi. Ndi waung'ono pafupifupi ka 400 poyerekeza ndi dzuwa koma ulinso pafupi nafe pafupifupi ka 400, nchifukwa chake umakwana ndendende kuliphimba. Mthunzi wake pansi pano ndi kamzere kosapitirira makilomita 200 m'lifupi, ndipo chaka chimenecho kanadutsa Angola, kuno ku Zambia, kumpoto kwa Zimbabwe, Mozambique, kansonga kakummwera kwa Malawi mpaka Madagascar. Abale athu a ku Chipata ndi ku Lilongwe anali kunja kwa mzere umenewu, iwo dzuwa linangolumidwa kwambiri koma silinathe lonse.

Ku matchalitchi tinapita kudzera kwa abusa ndi akulu ampingo, tinkangopempha kamphindi pa zolengeza. Ena ankati ndi kutha kwa dziko, amayi ena ankafunsa za oyembekezera kuti mwana sabadwa wolumala kodi. Sindinkawaseka ayi, ukamuseka munthu pagulu sabweranso. Ndinkangoti amayi, kadamsana sakhudza mimba, sawononga madzi kapena nsima, chimene chili pachiswe ndi maso okha basi. Agogo ena achingoni anatithandiza kwambiri osadziwa, anaimirira nkunena kuti makolo awo powoloka Zambezi ndi Zwangendaba dzuwa linada masana, ndipo anawoloka ndithu, dziko silinathe. Zimenezo ndi zoona, zinachitika mu November 1835 chakufupi ndi Zumbo ku Mozambique, ndipo mawu a agogowo anagwira ntchito kuposa mpira ndi tochi yanga.

Tsopano pa nkhani ya maso ndi pamene ndinkachedwapo kwambiri, chifukwa anthu ambiri amaganiza mosemphanitsa. Amaopa mdimawo, pamene mdima weniweniwo ndi nthawi yokhayo imene ungayang'ane ndi maso ako osavala kanthu. Choopsa ndi nthawi imene dzuwa likulumidwa pang'onopang'ono, pafupifupi ola ndi theka mdima usanafike, ndi ola lina ndi kanthu utapita. Tsiku wamba sungalipenye dzuwa, maso amakana okha, misozi mbwee. Koma likatsala kachidutswa kuwala kumachepa, maso sakananso, munthu umangoti tong'o, pomwe kachidutswa kameneko kakuotchabe mkati mwa diso kumbuyo kumene kumagwira zithunzi. Ndipo kumeneko kulibe ululu, sumva kanthu, umapita kunyumba bwinobwino nkudya nsima, mawa lake kapena usiku womwewo ndi pomwe umaona kadontho kakuda kapena chimbuuzi pakati pa chilichonse chimene ukuyang'ana. Ena zimachepa pakapita miyezi, ena nzamuyaya.

Magalasi enieni a kadamsana, aja apepala okhala ndi kapulasitiki konyezimira, analipo m'tauni koma sakanakwanira komboni yonse, tinapeza ochepa chabe poyerekeza ndi chinamtindi cha ana. Lililonse ndinkaliyesa ndekha, kuliloza ku babu loyaka m'chipinda, ngati ukuona mipando kapena khoma ndiye kuti ndi lachabe, loyenera umangoona mdima bii mwina ndi kawaya ka babu mozimiririka. Lobooka ngakhale kabowo ka singano, lokandika, lomatuka m'mbali, kutaya. Masiku ano nkosavuta pang'ono chifukwa enieni amalembedwa ISO 12312-2, ngakhale achinyengo nawo amadinda zomwezo nde kuyesa kuja musasiye. Ndikunena izi makamaka kwa abale amene muli ku Joni, pa 25 November 2030 mzere wa mdima udzadutsa Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho, a ku Durban mudzakhala momwemo.

Poti magalasi anali ochepa tinagawa ana m'magulu, gulu lililonse ndi wamkulu mmodzi, mphunzitsi kapena kholo, ndipo galasi limakhala m'manja mwa wamkuluyo osati mwa ana. Tinayeserera kangapo sabata imeneyo pa nthawi ya buleki. Weramitsa mutu, vala, gwira ndi manja onse awiri m'makutu chifukwa timitu ta ana ndi tating'ono amagwa, kweza mutu, ona, weramitsanso, vula, patsa mnzako. Zimaoneka ngati zachibwana koma mwana amakonda kuvula akuyang'anabe kumwamba kuti afananitse, nde kuweramitsa kuja kumafunika kulowe m'thupi.

Anyamata owotcherera mageti pamsewu anabwera okha kudzati ife tili ndi magalasi athu. Apa panafunika kusamala chifukwa magalasi awo ali ndi manambala, loyenera dzuwa ndi nambala 14, ndipo ambiri amene amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi otsikirapo. Lopanda nambala yooneka tinalikana ngakhale mwini wake analumbira kuti ndi lakuda zedi.

Nkhondo yaikulu inali ndi njira zachikale zomwe aliyense ankati agogo ake ankachita. Galasi lodetsa ndi utsi wa koloboyi, ma negativu a zithunzi, pepala la X-ray la ku chipatala, magalasi adzuwa atatu kusanjikiza, CD, botolo la mowa labulauni. Zonsezi zimangochepetsa kuthobwa m'maso koma kutentha kumadutsa, nde ndi zoipa kuposa kusavala kanthu chifukwa zimakupatsa mtima woyang'anitsitsa nthawi yaitali. Ina yotchuka kwambiri kwa amayi inali ya beseni la madzi, eti uziyang'ana dzuwa m'madzimo. Ayi ndithu, madzi amabweza kuwala kokwanira kukuvulaza. Ndipo bambo wina anali ndi mabainokula, ameneyo ndinachita kumupempha kuti awasiye kunyumba, chifukwa amasonkhanitsa kuwala malo amodzi, ngakhale utavala magalasi a kadamsana kapulasitiki kaja kamapsa nthawi yomweyo.

Chimene chinatipulumutsa kwenikweni ndi makatoni. Tinapempha m'ma shopu makatoni a sopo ndi a mafuta ophikira, mwana aliyense tizidutswa tiwiri. Kamodzi uboole kabowo kakang'ono kosalala ndi msomali waung'ono, kenako utembenuke dzuwa likhale kumsana, kweza kobooka kaja chapaphewa, kuwala kudutse pa bowo kugwere pa kachiwiri kamene wagwira kutsogolo kapena waika pansi. Pamaoneka kadzuwa kakang'ono kozungulira, ndipo kadamsana akayamba nako kamalumidwa chimodzimodzi. Mawu amene tinkabwereza mpaka ana kutopa nawo anali akuti dzuwa kumsana, chifukwa alipo ena amafuna kusuzumira pa bowolo. Ndinatenganso kagalasi kodziyang'anira nkukaphimba ndi pepala losiya kabowo ngati kandalama kachitsulo, nkulozetsa kuwala pa khoma la kalasi lomwe linali mu mthunzi chapatali, pamenepo panatuluka dzuwa lalikulu bwino loti agogo osaona patali ankaliona atakhala pa mpando.

Chomaliza kukonza chinali belu, ndipo kwa ine ichi ndiye chinali mutu wa zonse. Belu la sukulu yathu linali chitsulo cha wilo ya galimoto chopachika pa mtengo. Tinagwirizana kuti likalira kamodzi ndiye kuti dzuwa laphimbika lonse, vulani magalasi yang'anani. Likalira mobwerezabwereza, maso pansi nthawi yomweyo osafunsa. Ku Lusaka mdima unayenera kukhala mphindi zitatu ndi masekondi pang'ono, nde ndinauza mphunzitsi wogwira wotchi kuti asadikire dzuwa liwonekere, akangokwana mphindi ziwiri ndi theka aimbe. Bola kuwamana anthu kamphindi kusiyana nkuti dzuwa liwapeze ali tong'o, maso atazolowera mdima. Mnzangayo anadzipereka ndithu, iye kadamsana anamuona mwa apo ndi apo, maso ali pa wotchi.

Tsikulo kunacha kopanda mtambo, ka mphepo ka June kaja. Anthu anayamba kufika chakudya chamasana chitangotha, ena ndi mphasa ena ndi mipando, ndipo tinawauziratu kuti atenge majuzi. Cha m'ma 1:40 dzuwa linayamba kulumidwa mbali imodzi, poyamba anthu anakhumudwa kuti aaa ndi zimenezi basi, chifukwa popanda galasi kapena katoni sumaona kusintha kulikonse. Ola loyambalo ndi lovuta kusunga ana, amatopa, amayamba kuthamangitsana, nde akuluakulu a magulu ankangozungulira. Kenako mtsikana wina anakuwa kuti taonani pansi, pansi pa mtengo timipata ta masamba tonse tinali titasanduka timiyezi tating'onoting'ono mbwee pa dothi, pa malaya a anthu, pa khoma. Amayi ena anakweza lichero lakale lobookabooka, nalonso linatulutsa timiyezi. Kuyambira pamenepo panalibenso wofuna kuyang'ana kumwamba mwakuba, aliyense anali kalikiliki kupinganiza zala kuti apange take.

Itadutsa 3 koloko kuwala kunasanduka kwachilendo, kofooka ngati tochi yotha mabatire, kuzizira kunabwera, nkhuku za m'nyumba zoyandikana zinayamba kulowera ku khola, mbalame zili piringupiringu. Apa ndi pamene tinkakuwa kwambiri kuti musavule, musavule, chifukwa kanali katatsala kachingwe chabe ka dzuwa ndipo anthu mtima unali m'mwamba. Cha m'ma 3:09 kachingweko kanaduka, kunatsala kadontho kamodzi kowala kwambiri, nako kanazima, belu ngwee.

Phokoso limene linabuka sindidzaliiwala. Nthungululu, malikhweru, ena kugwada kupemphera, ana ena kulira kukakamira zitenje za amayi awo, agalu kuuwa komboni yonse. Kumwamba kunali chibowo chakuda bii chozunguliridwa ndi kuwala koyera konyerenyetsa kotambalala mbali zonse, chapafupi pake nyenyezi yowala imene inali Jupiter, ndipo m'mphepete mwa dziko mozungulira monse munali kufiira ngati dzuwa likulowa kumbali zonse nthawi imodzi. Agogo amene m'mawa ankati ine sindituluka anali ataimirira pakati pa giraundi chipewa chili m'manja. Belu lachiwiri litalira anthu anadandaula kuti mwafulumira, koma akuluakulu a magulu anagwira ntchito yawo, mitu pansi, ndipo posakhalitsa kuwala kunabwerera atambala nkuyamba kulira.

Apa anthu ambiri amaona ngati zatha, amayamba kubalalika, koma dzuwa linali lidakali lolumidwa mpaka chakuma 4 koloko ndi theka. Sitinalole ana kupita okha, aliyense anadikira kholo kapena kupita ndi wamkulu wa gulu lake, ndipo magalasi tinatolera onse kuti asakawang'ambe nkumagawana tizidutswa panjira.

Sukulu itatsegulidwa tinazungulira makalasi onse kufunsa ngati alipo amene akuona kadontho pakati, kapena mizere ya pa bolodi ikuoneka yokhota, tinkawauza atseke diso limodzi awerenge, kenako linalo, chifukwa diso labwino limabisa lovulala. Tinanenetsa kuti palibe akwapulidwe akaulula, ndipo amene akanadandaula tikanapita naye ku chipatala cha maso tsiku lomwelo. Pa ana amene anali nafe pa giraundi panalibe anadandaula. Magalasi aja tinawasunga mu envelopu mu kabati ya ahedi mosawapinda, ndipo anagwiranso ntchito m'mawa wa pa 4 December 2002 pamene mzere wa mdima unadutsa kummwera, chaku Botswana, Zimbabwe ndi tauni ya Musina ku South Africa. Ife ku Lusaka ulendo umenewo dzuwa silinathe lonse nde belu lovulira silinalire nkomwe, ndipo tisanawagawe tinawayesanso pa babu limodzi limodzi, amene mphemvu zinali zitawakanda tinataya.