Mmene ndimalukira chipewa cha mphepo

Munthu akandiuza kuti akufuna kuphunzira crochet, ndimamuyambitsa ndi chipewa cha ulusi, chija chogwira mutu n'kuphimba makutu. Sikafu imatalika mpaka woluka kugwa ulesi, juzi imafuna manja ndi khosi, koma chipewa chimaoneka mutu wake tsiku lomwelo wachiyamba. Komanso kuno ku Dedza, Juni ndi Julayi akafika, chipewa sichisowa mwiniwake. Mlonda amachifuna, wakabaza wolawirira amachifuna, mwana wopita kusukulu kuli chifunga nayenso amachifuna.

Zida zake n'zochepa. Choyamba ndi singano ya crochet, ija yokhala ndi kangowe kumapeto. Ambirife tinayamba ndi tingowe tating'ono tosulidwa ku sipoko ya njinga, tolukira madoyilo a pamipando. Timeneto pa chipewa ayi, chifukwa timabaya ulusi pakati n'kuugawa, ndipo cholukacho chimatuluka cholimba gwa. Ine ndimagwiritsa ntchito kangowe ka mamilimita 4. Nambala yake imakhala yolembedwa pamalo pophwatalala paja pogwira. Ulusi ndimagula wa acrylic, umene papepala lake alembapo DK, mpukutu wa magalamu 100. Mpukutu umodzi umakwana chipewa cha munthu wamkulu n'kutsalako. Ngati mwapeza ulusi wonenepa kuposa pamenepo, ufuna kangowe ka mamilimita 5 kapena kuposerapo, ndipo pepala la ulusiwo limanena. Onjezanipo tepi ya atelala, sizasi, ndi singano yobuntha ya diso lalikulu.

Chipewa choyamba musaluke chakuda kapena chabuluu woderatu. Pophunzira maso amafunika aziona pobaya, ndiye ulusi wakuda, makamaka madzulo magetsi atathima, umabisa chilichonse. Wachikasu, wotuwa kapena wobiriwira mowala ndi umene ndimapatsa ophunzira.

Ulusi wa m'sitolo ukakwera mtengo ndimapita pa kaunjika kukafuna juzi yoti ndimasule. Apa pali chofunika kuyang'ana. Tembenuzani juziyo muone msoko wake. Ngati m'mbali mwake anadula n'kudutsitsa makina a ovaloko, isiyeni, chifukwa mzere uliwonse ukupatsani kachidutswa kafupi ka ulusi. Yabwino ndi ija imene zigawo zake analuka paderapadera n'kuzilumikiza popanda kudula, imeneyo imamasuka ulusi umodzi wautali. Umatuluka wopotanapotana, koma ukauzengereza pa msana wa mpando, n'kuumanga, kuunyika m'madzi ndi kuuyanika pamthunzi, umawongoka.

Ndisanagwire ulusi ndimayeza mutu. Tepi ndimaidutsitsa pamphumi, pamwamba pa makutu, mpaka pankhongo. Mutu wa munthu wamkulu nthawi zambiri umakhala cha m'ma masentimita 56, koma wa mayi amene waluka tsitsi kapena wa mnyamata wa madiredi umaposa apo, ndiye yezani ndithu, musangoganizira. Pa nambala imene yapezekayo ndimachotsapo 4, poti ulusi umatamuka ndipo chipewa chiyenera kugwira mutu. Zatsala 52. Imeneyi ndimaigawa ndi 3.14, masamu aja a bwalo a ku pulayimale, ndipo ndimapeza pafupifupi 16.5. Nambala imeneyi ndimailemba papepala, chifukwa chipewa chonse chagona pamenepa: ndiko kutambalala kwa bwalo limene ndiyambe nalo pamwamba pa mutu. Kaluke kake n'kofanana ndi ka dengu. Umayamba ndi pansi pake pophwatalala, pakakwana ndipo umadzutsa khoma.

Kangowe ndimakagwira kudzanja lamanja kagwiridwe ka cholembera. Ulusi umachokera ku mpukutu, kuzungulira chala chaching'ono cha kumanzere, kudutsa pamwamba pa chala chamkombaphala. Chala chachikulu ndi chapakati zimagwira cholukacho pafupi ndi kangowe. Amanzere angotembenuza zonsezi. Ophunzira onse amayamba ndi kumanga ulusi ngati uthawa, mpaka kangowe kukanika kulowa m'diso, kabowo ka ulusi wozungulira kamene aluka okha. Lekani ulusi uziyenda pachala. Diso likhale lotha kutsetsereka pa kangowe popanda kulimbana nalo.

Ndimapanga mfundo yotsetsereka, n'kusiya mchira wa ulusi wa masentimita 15, n'kuika diso lake pa kangowe. Ndimakoleka ulusi n'kuukoka kudutsa m'disomo. Imeneyo ndi tcheni imodzi. Ndimaluka matcheni 4, kenako ndimabaya kangowe mu tcheni yoyamba ija, kukoleka ulusi, n'kuukoka kudutsa mu tcheniyo ndi m'diso la pa kangowe nthawi imodzi. Imeneyi ndi sitichi yolumikizira, ndipo yapanga kamphete. Oluka ozolowera amayamba ndi mphete ina yokoka, imene pa YouTube amaitchula magic ring. Ndi yabwino, koma imasokoneza zala zimene sizinazolowere, ndipo kabowo kamene kamatsala ndi matcheni 4 tikatseka kumapeto.

Chipewa chonsechi chimalukidwa ndi sitichi imodzi yaitali, ndiye ndiifotokoze pang'onopang'ono. Koleka ulusi pa kangowe usanabaye. Baya mu mphete, koleka ulusi, kokera kutsogolo. Pa kangowe pali maso 3. Koleka ulusi, dutsitsa m'maso awiri oyamba, patsala maso awiri. Kolekanso, dutsitsa m'maso awiriwo, patsala diso limodzi. Yatha. Ikaima imaoneka ngati kamtengo, ndipo pamwamba pake pamakhala timaulusi tiwiri tooneka ngati V. Mizere yotsatira tizibaya pansi pa timaulusi tiwiri timeneti, osati kamodzi kokha.

Amene mumaphunzirira pa foni, chenjerani ndi mayina. Sitichi imeneyi anthu a ku America amaitcha double crochet, pomwe a ku Britain amaitcha treble. Chimene a ku Britain amati double crochet ndi sitichi yaifupi, imene a ku America amati single crochet. Ndiye mukaona pateni yalemba dc, chidule cha double crochet, yambani mwadziwa kumene yachokera. Ngati penapake mwalembedwa single crochet kapena sc, ndi ya ku America, chifukwa m'mapateni a ku Britain dzina limenelo mulibe. Kupanda kudziwa kumene yachokera mutsatira zonse mokhulupirika koma chipewa n'kutuluka theka la msinkhu wake.

Mzere woyamba ndimayamba ndi matcheni awiri ongokwerera, ndipo sindiwawerenga ngati sitichi. Kenako ndimaluka masitichi aatali 12 mu mphete muja, ndikuphimbanso mchira uja pomwe ndikuluka. Akakwana 12 ndimalumikiza pa V ya sitichi yoyamba, osati pa matcheni. Mzere wachiwiri ndimakwereranso ndi matcheni awiri, n'kuluka masitichi awiri pa sitichi iliyonse, kuyambira pomwe ndalumikiza paja. Akhale 24. Mzere wachitatu, sitichi yoyamba ndimaikapo imodzi, yotsatira ndimaikapo awiri, choncho mpaka kuzungulira, akhale 36. Wachinayi, imodzi, imodzi, kenako awiri, akhale 48. Mzere uliwonse umaonjezera 12, ndipo masitichi oyenda okhaokha pakati pa malo oonjezerawo amachuluka ndi imodzi: 60, 72, 84.

Kuwerenga ndiko ntchito yeniyeni pano, ndipo ndimawerenga mzere uliwonse ndisanalumikize, ngakhale wina akundiyankhula. Pali malo amodzi amene amanyenga aliyense. Ukazungulira n'kufika kumapeto, sitichi yolumikizira ya mzere wapansi ija imaoneka ngati V yoti ubayepo. Ukabayapo waonjezera sitichi imodzi, mzere wotsatira inanso, ndipo chipewa chimanka chikukula mbali ya msoko popanda iwe kudziwa chifukwa chake. Ine ndimakoleka kachidutswa ka ulusi wa mtundu wina pa sitichi yoyamba ndi yomaliza ya mzere. Pini ya thewera imagwiranso ntchito yomweyo.

Bwalolo limanena lokha ngati zikuyenda. Ligonekeni patebulo. Likamachita mafunde m'mphepete, masitichi achuluka. Likayamba kupindikira m'mwamba musanamalize kuonjezera, mwina mwadumpha malo ena oonjezera, mwina dzanja likumanga kwambiri. Zikatero masulani mpaka pamene panali bwino. Crochet imamasuka mosavuta, ungochotsa kangowe n'kukoka ulusi, ndipo diso loti ulitole ndi limodzi lokha.

Funso limene ndimafunsidwa kwambiri ndi lakuti mizere yoonjezera ikhale ingati. Yankho langa ndi tepi. Ndi dzanja langa, ulusi wa DK ndi kangowe ka mamilimita 4, masentimita 16.5 aja amakwana pa mzere wa 7, pa masitichi 84. Mnzanga amene timalukira limodzi ali ndi dzanja lotayirira, ndipo iye amafika pomwepo pa mzere wa 6. Ulusi wonenepa umafika msanga kuposa apo. N'chifukwa chake pateni yonena kuti siyani kuonjezera pa mzere wakutiwakuti sindiikhulupirira kwenikweni, poti anailemba ndi dzanja lake ndi ulusi wake. Goneka bwalo, dutsitsa tepi pakati penipeni kuchokera mphepete ino kufika inayo. Ngati latsala pang'ono kwambiri moti mzere wathunthu upitirira, ndimaonjezera masitichi 6 okha m'malo mwa 12, motalikiranatalikirana.

Bwalo likakwana, chovuta chatha. Kuyambira pamenepa ndi sitichi imodzi pa sitichi iliyonse, mzere ndi mzere, nambala osasintha. Mizere iwiri kapena itatu yoyamba imaoneka ngati palibe chikuchitika, bwalo likungokula, ndipo apa ndi pamene ophunzira amabwera nacho kuti chalakwika. Sichinalakwike. Pitirizani, chipindika chokha. Chikapindika onetsetsani kuti mbali yosalala, imene mwakhala mukuiyang'ana poluka, ili kunja, ndipo kangowe kazibaya kuchokera kunja kulowa m'kati.

Mizere ya m'mbaliyi ndi yolukira pocheza, pamaliro usiku, kapena podikira basi kudzaza. Ndi pamenenso ndimasinthira mitundu. Posintha, ndimabaya polumikizira mzere ndi ulusi wakale, koma wokoka kudutsa ndimatenga watsopano, n'kusiya michira yoti ndidzaibise. Okonda mpira ndiwo amavuta pa mitundu: wa Bullets amafuna chofiira ndi choyera, wa Wanderers sangavale chopanda buluu, ndipo ukasokoneza ngakhale mzere umodzi chipewa chimabwerera.

Kutalika ndimayeza kuchokera pakabowo ka pamwamba kutsika mpaka m'mphepete. Kwa munthu wamkulu, masentimita 20 mpaka 22 amaphimba makutu. Ndimasiya masitichi aatali patatsala masentimita atatu kuti ndiike mkombero. Ngati mwiniwake ali pafupi, kumuveka kumaposa tepi. Wofuna chopinda m'mphepete muonjezereni masentimita 6 kapena 7, koma dziwani kuti mpukutu umodzi uja ukhoza kuchepa.

Mkombero wosavuta ndi wa masitichi aafupi. Baya osayamba wakoleka, koleka ulusi, kokera kutsogolo, pa kangowe pali maso awiri, koleka n'kudutsitsa onse awiri. Kwererani ndi tcheni imodzi m'malo mwa awiri. Mizere inayi kapena isanu ya masitichi amenewa imagwira mphumi bwino, makamaka mukatsika pa kangowe ka mamilimita 3.5. Pali mkombero wina wa mizeremizere yotukuka, wooneka ngati wa juzi ya m'sitolo. Umalukidwa ndi sitichi yaitali yomwe ija, kungoti m'malo mobaya pa V, kangowe kamakumbatira thupi la sitichi yapansi, ina chakutsogolo, yotsatira chakumbuyo, mosinthanasinthana. Umafuna nambala yogawika pawiri, ndiye 72 kapena 84 zimakwana bwino. Ndi wokongola ndipo umatamuka, koma ine ndimausungira chipewa chachiwiri.

Pomaliza ndimadula ulusi n'kusiya masentimita 15, kuukoka wonse kudutsa m'diso lomaliza, n'kumangitsa. Michira yonse ndimailowetsa mu singano yobuntha ija n'kuiyendetsa m'kati mwa masitichi mbali ya m'kati, kupita uku, kubwereranso, kenako n'kudula. Kungomanga mfundo n'kudulira pafupi kumamasuka pochapa koyamba. Mchira woyamba uja ndimauzunguliza ndi singano m'masitichi 12 a mzere woyamba, n'kukoka mpaka kabowo katatsekeka, ndiyeno n'kuubisa ngati inayo.

Njira yomweyi imalukanso chipewa cha khanda, ndipo zimenezi ndi zimene ndimaluka kwambiri ndi ulusi wotsala. Mwana wongobadwa kumene mutu wake umakhala pakati pa masentimita 33 ndi 36, choncho bwalo la masentimita 10 ndi kutalika kwa masentimita 12 kapena 13 zimamukwana. Ana obadwa masiku asanakwane, amene m'zipatala zathu amawaika pachifuwa cha mayi m'njira ya kangaroo, amavala thewera ndi chipewa, chifukwa khanda limataya kutentha kwambiri kudzera kumutu. Awo amafuna chocheperapo, ndipo anamwino ndi amene angakuuzeni kukula kwake. Cha khanda ulusi ukhale wofewa, wouyesa pakhosi panu osakanda, ndipo musaikepo mabatani, mikanda kapena kampira kapamwamba kaja, poti zikhoza kuthothoka n'kulowa m'kamwa.

Pochipereka kwa mwiniwake ndimamuuza za kachapidwe. Acrylic amachapa ndi manja m'madzi ozizira kapena ofunda pang'ono, kufinya osapotokola, n'kuyanika chogoneka, chifukwa chikapachikidwa pachingwe chili chonyowa chimatalika. Simbi isayandikire, ndipo asachiwambe pambaula kuti chiume msanga. Ulusi umenewu ndi pulasitiki, ukatenthedwa umasungunuka.