Momwe ndimakonzera mafayilo osamutsira deta koyamba mu Oracle GoldenGate

GoldenGate, pulogalamu ya Oracle yokopera zosintha kuchoka mu database ina kupita mu ina, isanayambe kutumiza zosintha za tsiku ndi tsiku, database yolandira imafunika ikhale kale ndi mizere yonse yomwe ili ku gwero, database yomwe deta ikuchokera. Njira zodzazira zilipo zingapo, koma pano ndifotokoza ya mafayilo: gawo la GoldenGate lotchedwa Extract limawerenga matebulo n'kulemba m'mafayilo, gawo lina lotchedwa Replicat n'kuwerenga mafayilowo n'kulowetsa mizere kolandira. Ndikunena za GoldenGate ya Classic, ija timailamula kudzera mu GGSCI, pulogalamu yake yolembamo malamulo.

Ndisanakhudze mafayilo, ndimayatsa kaye Extract yogwira zosintha, nditachita ADD TRANDATA (lamulo loti database izilemba zokwanira kuzindikira mzere wosinthidwa) pa tebulo lililonse. Ikayamba kuyenda ndimatenga SCN, nambala yomwe Oracle imaikira chizindikiro pa nthawi ya zosintha, ndi SELECT current_scn FROM v$database, n'kuilemba pamalo oti isasowe. Nambala imeneyi ndiye malire: zonse za m'mbuyo mwake zibwera ndi mafayilo, za patsogolo pake zibwera ndi Replicat yanthawi zonse.

Fayilo ya maparamita ya Extract yachiwiri, yosamutsa mizere yomwe ilipo kale, imaoneka chonchi (4471203 ikuimira SCN ija):

SOURCEISTABLE
USERIDALIAS gwero
RMTHOST seva2, MGRPORT 7809
RMTFILE ./dirdat/init/ld, MAXFILES 999, MEGABYTES 1500, PURGE
TABLE malonda.maoda, SQLPREDICATE 'AS OF SCN 4471203';

Ndondomeko ya mizereyi si yongokongoletsa. RMTHOST ikhale pamwamba pa RMTFILE, ndipo RMTFILE ikhale pamwamba pa TABLE yomwe ikulembamo. Ngati mafayilo akhala pa seva yomweyo ya gwero, RMTHOST ichoke ndipo mulembe EXTFILE m'malo mwa RMTFILE. Foda ya init muipange nokha ku seva yolandira, apo ayi Collector, gawo lolemba mafayilo ku seva yolandira, idzalephera kutsegula fayilo.

Mzere wa RMTFILE ndi womwe ndimathera nthawi. Fayilo imodzi siyenera kupitirira 2 GB, ndiye tebulo lalikulu likalembedwa m'fayilo imodzi, Extract imagwa pakati pa ntchito. MEGABYTES imadula deta m'mafayilo angapo, ndipo pa mavesheni omwe amafuna MAXFILES, ndi iyo imalola mafayilo otsatizanawo kupangidwa. Ine ndimaika 1500 kuti ndisayandikire malire. MAXFILES ndimaiika yokwera dala. Deta ya 300 GB pa MEGABYTES 1500 ifuna mafayilo pafupifupi 200, koma musadalire kukula komwe database ikuonetsa. Mzere uliwonse m'fayilo umanyamula mutu wake, ndipo tebulo lomwe linapanikizidwa mu database limatuluka litatambasuka. Ndimayesa kaye ndi tebulo limodzi lapakatikati, n'kuyerekeza fayilo yotuluka ndi kukula kwa tebulolo, kenako n'kuwerengera malo a pa disiki. Disiki ikadzaza, palibe popitirizira, chifukwa Extract ya SOURCEISTABLE sisunga checkpoint, chizindikiro cha pomwe yafika. Mumayambiranso pa mzere woyamba.

Dzina la fayilo ndimalipatsa zilembo ziwiri zokha, monga ld. Chikuoneka chaching'ono koma ndi chomwe chimapulumutsa usiku wonse. GoldenGate imawonjezera nambala kumapeto kwa dzina, ndiye mafayilo amatuluka ngati ld000000, ld000001, mofanana ndi trail wamba, mafayilo otsatizana omwe GoldenGate imasungamo zosintha. Kuyambira vesheni 12.2 manambala a trail ali ndi madijiti 9 osati 6, choncho muone zomwe zatuluka mu foda musanapange Replicat. Mayina akakhala choncho, nditha kupanga Replicat wamba:

ADD REPLICAT rinit, EXTTRAIL ./dirdat/init/ld, CHECKPOINTTABLE ggadmin.chkpt

Njira ina ndi Replicat ya SPECIALRUN ndi END RUNTIME, yowerenga EXTFILE. Imagwira, ndipo pa matebulo ang'onoang'ono ilibe vuto. Koma ilibe checkpoint. Ikagwa itagwira maola asanu ndi awiri chifukwa tablespace, malo omwe database imasungamo matebulo, yadzaza, muyenera kuchita TRUNCATE matebulo olandira n'kuyambanso. Pa Replicat ya checkpoint mumangowonjezera malo, START REPLICAT, iyo n'kupitiriza pomwe inalekezera.

PURGE imafufuta fayilo yakale ya dzina lomwelo Extract ikamayamba. APPEND ndimaipewa: mukayesa kachiwiri, mizere imawonjezedwa pa ya ulendo woyamba, Replicat n'kuyamba kukanidwa ndi ORA-00001, uthenga wa mzere wobwereza. Ngakhale ndi PURGE, ndimasesa foda ndi manja ndisanabwereze, chifukwa ulendo wolepherawo ukhoza kusiya mafayilo a manambala apamwamba omwe Replicat idzawawerenga ngati atsopano. Foda yapadera ija imathandizanso kuti PURGEOLDEXTRACTS, paramita yofufutira mafayilo akale ya Manager (gawo loyang'anira magawo ena a GoldenGate), yomwe ambiri amailozetsa ku ./dirdat/*, isadye mafayilo asanawerengedwe.

Ngati GoldenGate ya kolandira ndi yakale kuposa ya kugwero, wonjezerani FORMAT RELEASE ndi nambala ya vesheni yakaleyo pa mzere wa RMTFILE, apo ayi Replicat ikana kuwerenga. Pa netiweki yochedwa, COMPRESS pa RMTHOST imathandiza. Firewall nayo itsegule madoko a mu DYNAMICPORTLIST, osati 7809 yokha, poti Manager imangolandira pempho n'kupereka ntchito kwa Collector pa doko lina.

Matebulo akuluakulu ndimawagawira ma Extract osiyana, iliyonse ndi zilembo zake, la, lb, lc, ndi Replicat yake. Onse agwiritse SCN imodzimodzi. Vuto la AS OF SCN ndi loti limadalira undo, pomwe Oracle imasunga momwe mizere inalili isanasinthidwe: kuwerenga kukatenga nthawi yaitali kuposa yomwe undo ikusungidwa, mumalandira ORA-01555. Kwezani UNDO_RETENTION ndi malo a undo musanayambe, ndipo kugawa ntchito kumafupikitsanso nthawiyo.

Kolandira, ndimathimitsa ma trigger ndi ma foreign key, n'kuchotsa ma index osafunika, kusiya primary key. Mu maparamita a Replicat ndimaika BATCHSQL ndi DISCARDFILE yokula ndithu, chifukwa mzere wokanidwa umakafotokozedwa mmenemo.

Ndimayendetsa Extract yosamutsa ija kuchokera pa shell:

extract paramfile dirprm/einit.prm reportfile dirrpt/einit.rpt

Ikamaliza ndimawerenga kumapeto kwa lipoti, pomwe imalemba chiwerengero cha inserts pa tebulo lililonse. Ndikakayikira fayilo, ndimaitsegula mu Logdump, chida cha GoldenGate choonera zomwe zili m'mafayilowa, n'kulemba COUNT. Manambala atatu agwirizane: a mu lipoti la Extract, a STATS REPLICAT rinit, ndi SELECT COUNT(*) ya kugwero yokhala ndi AS OF SCN yomwe ija. Kuwerenga gwero popanda SCN kukusokonezani, poti tebulo lasuntha kale.

Akagwirizana ndimabwezeretsa ma index ndi ma constraint, kenako ndimayatsa Replicat yanthawi zonse ija ndi START REPLICAT rcdc, AFTERCSN 4471203. Chifukwa malire ndi odziwika, HANDLECOLLISIONS, paramita yoti Replicat izipitirira mizere ikawombana, sifunika, ndipo ndimakonda choncho poti imabisa mizere yobwereza ndi yosowa yomwe ndikanafuna kuiona. Mafayilo a mu init ndimawafufuta pokhapokha LAG REPLICAT rcdc itaonetsa kuti yafika kumapeto kwa trail popanda kugwa.