Amoniya atuluka wochuluka bwanji? Mmene ndimayendera ndi funso la ma mole

Funso lake lili motere: tili ndi magalamu 56 a nayitirojeni ndi magalamu 9 a hayidirojeni, ndiye tipeze kulemera kwa amoniya amene angapangidwe. Funsoli ndimalikonda chifukwa amoniya ndi amene amapangira feteleza wa Urea, yemwe timathira chimanga chikafika m'mawondo. Njira yopangira amoniyayi anaionetsa Fritz Haber ku Germany mu 1909, ndipo Carl Bosch anaikulitsa mpaka fakitale ya BASF ku Oppau inayamba kupanga mu 1913.

Ndisanagwire kakyuleta, ndimayamba ndalemba equation, mzere woonetsa zomwe zikuphatikizana ndi zomwe zikutuluka: N₂ + H₂ → NH₃, pomwe N₂ ndi nayitirojeni, H₂ ndi hayidirojeni, ndipo NH₃ ndi amoniya. Kumanzere kuli maatomu awiri a N, kumanja kuli limodzi, choncho ndimaika 2 patsogolo pa NH₃. Apo ma H akumanja akwana 6, ndiye ndimaika 3 patsogolo pa H₂. Zatheka: N₂ + 3H₂ → 2NH₃. Timanambala tam'munsito sindimatikhudza, chifukwa ukatisintha ndiye kuti ukunena za chinthu china, osati amoniya.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Manambala 1, 3 ndi 2 aja sakunena za magalamu ayi, akunena za ma mole. Mole imodzi ndi mulu wa tinthu 6.02 × 10²³, ndipo mulu wa nayitirojeni sulemera mofanana ndi mulu wa hayidirojeni. N'chifukwa chake magalamu onse amene ndapatsidwa ndimayamba ndawasandutsa ma mole. Mole ya maatomu a N imalemera magalamu 14, choncho mole ya N₂, ya maatomu awiriawiri, imalemera magalamu 28, ndipo 56 ÷ 28 ikundipatsa ma mole 2. Mole ya maatomu a H ndi galamu imodzi, choncho mole ya H₂ ndi magalamu 2, ndipo 9 ÷ 2 ndi ma mole 4.5.

Tsopano ndimadzifunsa kuti chiyambe kutha n'chiti. Maso amanamiza pamenepa: 4.5 ndi yaikulu kuposa 2, munthu n'kuganiza kuti hayidirojeni ndi wambiri. Koma mole iliyonse ya nayitirojeni imadya ma mole atatu a hayidirojeni, kotero ma mole 2 akufuna 6, pamene alipo ndi 4.5 okha. Zili ngati wokonza njinga amene ali ndi mafulemu khumi koma matayala asanu ndi limodzi: njinga zituluka zitatu basi, mafulemu otsalawo angokhala. Pano hayidirojeni ndiye atha msanga, ndiye kuwerengera konse ndimakutsamiritsa pa iyeyo.

Ma mole atatu a H₂ amabala awiri a NH₃, ndiye 4.5 × 2 ÷ 3 ikundipatsa ma mole 3 a amoniya. Mole ya NH₃ ndi 14 + 3, kutanthauza magalamu 17, ndipo 3 × 17 ndi magalamu 51. Akafunsa malo amene mpweyawo ungatenge pa kutentha ndi mphamvu ya mpweya ya m'chipinda, ndimachulukitsa ma mole 3 aja ndi 24 dm³ (malita 24), malo amene mole imodzi ya mpweya imatenga, n'kupeza 72 dm³.

Yankholi sindimalisiya ndisanaliyese. Nayitirojeni amene wagwira ntchito ndi 4.5 ÷ 3, ma mole 1.5, omwe ndi magalamu 42, ndipo otsala ndi 14. Kuphatikiza 42 ndi 9 kukubweretsa 51 yemwe uja. Palibe galamu yasowa, monga anaphunzitsira wasayansi wa ku France, Antoine Lavoisier. Kuyesaku n'kwa kamphindi chabe, ndipo ndimalimbikitsa aliyense wokonzekera MSCE kuti asamakudumphe.

Magalamu 51 amenewa ndi a papepala. M'fakitale amoniya wina amabwerera n'kusandukanso nayitirojeni ndi hayidirojeni, ngakhale amatenthetsa kufika pafupifupi madigiri 450, kupanikiza mpweya kwambiri ndi kuikamo chitsulo chofulumizitsa ntchito. Mpweya wotsala amaubwezanso m'makina. Ndiye funso likapitiriza kuti apeza magalamu 40.8 okha, ndimagawa 40.8 ndi 51, n'kuchulukitsa ndi 100: apeza 80 peresenti ya zomwe zikanatuluka.