Mbiri ya moyo wanga: kutsatira ana olakwira malamulo

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitalo, makamaka inu amayi a ku Katete amene munafunsa kuti mwana akabwezedwa kwa makolo m'malo mozengedwa mlandu, timamutsatira bwanji. Zaka zanga za ku Chadiza ndizidumpha, munazimva kale.

Mu 2022 kuno ku Zambia lamulo la ana la Children's Code Act linalowa m'malo mwa Juveniles Act, ndipo msinkhu woimbidwa mlandu unakwera kuchoka pa zaka 8 kufika pa 12. Mwana wopitirira apo angaikidwe pa diversion, kutanthauza kubwezedwa kwa makolo m'malo mozengedwa mlandu, ngati wavomera yekha kuti analakwa, kholo nalo n'kuvomereza. Kenako pamalembedwa pangano: kupepesa, kubweza chimene anaba, kubwerera kusukulu, kuonekera kwa a social welfare pa masiku oikika.

Kusukulu musamangomva za ahedi. Pemphani rejisitala kwa aphunzitsi a kalasi yake, muwerenge nokha masiku amene anajomba. Kunyumba fikani osanena tsiku, ndipo mwana mucheze naye payekha, chifukwa pamaso pa amalume ake adzangoti zonse zili bwino. Ngati mbuzi imene mwana anaba ikubwezedwa ndi ndalama pang'onopang'ono, gawo lililonse lilembedwe, mbali zonse zisaine amfumu akuona. Zapakamwa zimadzutsa mkangano wachiwiri.

Mwana akaphonya tsiku, musathamangire kulemba kuti waphwanya pangano, poti lipotilo lingamubwezere kukhoti. Fufuzani kaye. Mvula yoyamba ikagwa banja lonse lili kumunda. Wina wamutumiza kukaweta ng'ombe za eni kumudzi wina, wina ali kwa azakhali ake ku Mchinji, kungodutsa pa malire a Mwami, wina wasowa ya basi basi.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi mnyamata woba njinga uja, amene ambiri mumamufunsa. Anapepesa, anabweza, sanaphonye tsiku, fayilo n'kutsekedwa bwinobwino. Koma kukomboni dzina lake linasanduka kawalala. Pakasowa foni, zala zonse kwa iye. Pachitsime amayi ake akafika, anzawo ankasiya nkhani, ena n'kukokera zidebe pafupi. Kusukulu anzake ankabisa zikwama iye akuona. Anayamba kujomba Lachisanu, kenako sabata yathunthu, kenako anangosiya, ndipo zonsezi palibe fomu imene inazilemba. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti wotsatira mwana azichezanso ndi oyandikana nawo nyumba, akumpingo ndi wolakwiridwayo, ngakhale pangano litatha.

Ndipo inu bambo amene munati tikulera mbava, malo osungirako ana olakwa ali kutali: Nakambala ili ku Mazabuka, Katombora ili ku Kazungula. Mayi wolima mtedza ku Chadiza angafikeko kangati kukaona mwana wake? Amene watsala pakhomo timamuona, amfumu amamuona, mwini mbuzi nayenso amalandira chake.

Gawo lotsatira ndidzafotokoza mmene timakhazikira pansi banja la mwana ndi la wolakwiridwa tsiku lopepesana.